Nsangu za Mkamwini

Kutatsala masiku atatu kuti ichitike sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi chimwalirire mkazi wake, Che Rashidi anamva nkhwangwa zikunoledwa kuseri kwa nyumba ya mlamu wake Maulidi. Zinali ziwiri. Munthu amene wakulira pantchito ya mitengo sasokoneza kulira kwa nkhwangwa ziwiri pamwala umodzi, ndipo amadziwa kuti nkhuni za pasadaka sizifuna chitsulo chakuthwa chotere. Nkhunizo zinali zitawazidwa kale, zili mulu pabwalo. Nkhwangwa zimenezi zinali za nsangu zake, mitengo makumi awiri ndi itatu imene inaima m'munda wa malemu Nasima kumunsi kwa mudzi. Unali Okutobala wa 1987, dzuwa likuswa mtengo m'chigwa cha Domasi.

Iye anali mkamwini, ndipo mwambo ankaudziwa bwino. Mkazi akamwalira, arobaini ikadutsa, abale a mkaziyo amamusudzula mwamuna: amamumasula, amamuuza kuti atenge zake zonse, n'kumuperekeza kwa abale ake. Munda umatsala ndi mbumba, mwana wamkazi n'kuulowa. Zimenezo Che Rashidi sankatsutsa ngakhale pang'ono, pakuti mundawo unkapita kwa Adija, mwana wake yemwe. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali mitengo. M'mudzi umenewu, mtengo womera wokha unali wa nthaka, koma wobzalidwa unali wa amene anaubzala, iye ndi abale ake onse. Mkamwini wochoka ankayenera kuchoka nayo mitengo yake, ndipo njira yonyamulira mtengo ndi imodzi yokha, kuugwetsa.

Mwina mukudabwa kuti bambo wa zaka makumi asanu ndi ziwiri angasiye bwanji kudya chifukwa cha mitengo yaminga, yosabala chipatso chodya munthu. Nkhani yake imayambira kuphiri.

Rashidi anabadwira kuseri kwa phiri la Chikala. Ali mnyamata anakwera phiri la Zomba kukalembedwa ntchito ku nazale ya mitengo ya paini, ndipo anakhalako zaka khumi ndi ziwiri. Kumeneko anaphunzira kubzala pamzere, chingwe chili chokoka, mapazi owerenga, mpaka miyendo yake inazolowera kuwerenga yokha. Anaonanso kanthu kena kamene anzake ankangochita osafunsa: mbande za paini zinkanyentchera ngati sunazisakanizire dothi lotapa pansi pa paini wamkulu. Anafunsa kapitawo chifukwa chake. Kapitawo anayankha kuti iye analembedwa kuti aziyang'anira anthu, osati kuyankha mafunso.

Ndiye Rashidi anakadzifufuzira yekha. Nthawi yopuma masana, anzake akusewera bawo, iye ankatsikira m'zigwembe momwe munatsala nkhalango yachilengedwe, n'kumafukula ndi chikwanje pansi pa misuku ndi mombo. Pamwamba pankakhala masamba ouma a chaka chimenecho. Pansi pake panali a chaka chatha, onyowa, omatana, olukidwa ndi ulusi woyera wa bowa. Pansi penipeni sipankaonekanso tsamba, koma dothi lakuda lofewa, lonunkhira mvula, chiswe ndi nyongolotsi zili yakaliyakali. Anazindikira kuti nkhalango palibe amene amaithira manyowa, koma siguga, chifukwa imadya zake zomwe. Tsamba likagwa limawola, tizilombo timalitsitsira pansi, muzu n'kulikwezanso kuti likakhale tsamba lina.

Mu 1966 anakwatira Nasima, ndipo abale a mkaziyo anawalozera munda umene aliyense anali ataukana. Tisanamizane, mkamwini watsopano sapatsidwa dimba. Dothi lake linali lofiira, louma gwaa, khasu likamenya linkalira ngati lamenya njerwa. Chimanga chinkafika m'chiuno n'kuchita chikasu, kaufiti ali psuu m'mizere. Ikafika nthawi yososa, mudzi wonse unkasonkhanitsa mapesi ndi masamba n'kuyatsa moto, utsi n'kudzaza chigwa. Munda woyera mbee ndiwo unali ulemu wa mlimi, ndipo wosiya chitsamba m'munda ankatchedwa waulesi. Kwa mkamwini palibe dzina loipa kuposa limenelo, pakuti chimene anamulandirira pamudzi ndi khasu. Rashidi ankayang'ana utsiwo ukukwera n'kumauza mkazi wake kuti chakudya cha munda ndi chimenecho chikuthawa.

Atasiya ntchito kuphiri mu 1970, analetsa moto m'munda mwake. Mapesi ankawojeka, kuwagoneka m'ngalande n'kuwakwirira ndi dothi. Anadzaza nandolo m'mizere yonse. Ankatsika kutsinde kwa phiri ndi matumba a masamba owola panjinga, anthu n'kumafa ndi phwete kuti mwamuna wa Nasima wasanduka wotola zinyalala. Koma waulesi sanamutchulepo, chifukwa akachoka kumzikiti m'bandakucha ndiye ankayamba kufika kumunda, n'kukhalanso womaliza kuweruka. Dzina limenelo ankalisamala kwambiri, limodzi ndi lina lakuti Che Rashidi sanama. Pakabuka mkangano wa malire, onse awiri okanganawo ankafuna kuti mboni ikhale iye.

Nsangu anakaiona kudera la Chilwa, atapita kukagula matemba mwezi wa Febuluwale. Mitengo ina yonse inali yobiriwira, koma uwu unali mbulanda ngati wouma, ndipo pansi pake chimanga chinali chobiriwira bii, chotalika kuposa munthu. Mwini munda anamuuza kuti mtengowo ndi wamakani, umavala masamba m'chilimwe n'kuwavula mvula ikayamba, motero sutchinga dzuwa pamene chimanga chikulifuna. Rashidi anabwererako m'chilimwe kukatola nyemba zake zopindika. Njere zake ndi zolimba, choncho ankazicheka pang'ono ndi mpeni n'kuzifesa m'zitini kuseri kwa bafa.

"Bambo a Adija," anatero Nasima atazipeza zitinizo, "mkamwini sabzala mtengo. Mukufuna achimwene anene kuti mukulanda malo?"

"Si wa zipatso uwu. Ndi wodyetsa dothi."

"Mtengo ndi mtengo." Kenako Nasima anati, "Koma njala yandikwana. Bzalani, bola asakuoneni."

Anabzala tsiku la mvula yamvumbi, anthu atabindikira m'nyumba. Adija anali ndi zaka zisanu, ndipo anakakamira kusenza chitini chimodzi pamutu mpaka kumunda. Mitengo isanu ndi iwiri yoyambirira Rashidi anaibzala monga miyendo yake inadziwira, pamzere wowongoka, mapazi khumi khumi. Nasima ataona anagwira pakamwa. Inayo anaimwaza uku ndi uku, koma yoyambayo inali itagwira kale.

Musaganize kuti munda unasintha chaka chomwecho. Zaka zisanu zinapita pakuoneka minga yokhayokha. Kenako khasu linayamba kulowa mosavuta. Madzi a mvula anasiya kuthamanga n'kuyamba kulowa pansi, kaufiti anachepa, ndipo kufiira kuja kunayamba kuda kuchokera patsinde pa mtengo uliwonse. Pofika zaka za m'ma 1980, banjali linali ndi nkhokwe ziwiri popanda kuthira thumba la feteleza. Anthu aja ankaseka ndi omwe ankabwera ndi lichero mwezi wa njala. Wobwera kawirikawiri anali a Asiyatu, mng'ono wa mayi a Nasima, amene tsopano anali mayi wamkulu wa mbumba yonse.

Chimene chinamupweteka Che Rashidi chinali chitamando. Mu 1984 kunabwera mlangizi wina, a Yotam, amene ataona mundawo anaiwala njinga yake panjira. Anazula nandolo mmodzi n'kumuonetsa timatuza ta kumizu.

"Che Rashidi, mukudziwa kuti muli ndi fakitale ya feteleza muno? Timatuza iti timakoka nayitirojeni mumpweya, yemweyo amene anzanu akugula m'thumba. Nsangu nayo ndi ya mtundu wa nyemba, imachita zomwezo, ndiye masamba ake akagwa amathira zonsezo pansi. Kuda kwa dothiku ndi kaboni, yemwe ali m'makala. Tsamba limamutenga mumpweya. Mukalikwirira amatsala m'nthaka n'kumasunga chinyezi, mukaliwotcha amabwerera kumene anachokera."

"Ndiye kuti za utsi zija sindinkalota," anatero Che Rashidi.

Sabata yotsatira a Yotam anabwera ndi gulu la alimi, n'kuwaimika pansi pa nsangu. Katatu konse ananena mawu akuti mitengo ya Che Rashidi. Mwini dzinalo anamwetulira mano onse kunja, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa mkamwini amatamandidwa kamodzi pa moyo wake, akachita mwayi. Koma m'gulumo munali Maulidi, mchimwene wa Nasima, mwini mbumba, ndipo iye sanamwetulire.

Maulidi sanali munthu woipa, ngakhale anali ndi mutu wouma. Anali ataona zimene zinachitika kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, kumene mkamwini wina anasiya mitengo isanu ndi umodzi ya mango. Mwini wake atamwalira, adzukulu ake anayamba kubwera ndi matumba nthawi ya mango, kenako anabwera ndi makasu, amvekere pansi pa mitengo ya amalume athu tilimapo. Mlandu unatenga zaka, ndipo mabanja awiriwo anasiya kuyenderana ngakhale pamaliro. Maulidi analumbira mumtima kuti mbumba yake sidzaona zotero. Nasima ali moyo ankamutsekereza mchimwene wakeyo. Koma mu Seputembala wa 1987 Nasimayo anadwala masiku asanu ndi limodzi okha, n'kutsikira kuli chete.

Atamva nkhwangwa zija, Che Rashidi anavala kofia n'kupita kwa mlamu wake. Anamupeza akuyesa kuthwa kwa chitsulo ndi chala.

"Alamu, ndabwera kudzapempha. Mitengo ija ndikumupatsa Adija, pamaso pa aliyense. Ikhale yake."

"Mwaipereka, ndiye kuti inali yanu," anatero Maulidi osatukula mutu. "Inu ndinu munthu wabwino, alamu, sindikukana. Koma mudzafa. Ana a alongo anu adzamva kuti kuno ku Malemia kuli mitengo imene anabzala amalume awo, alangizi anachita kulengeza. Ine ndidzawayankha chiyani?"

"Mukaidula, dothi lija silitha zaka zinayi. Dzuwa lidzaliwotcha, mvula idzalikokolola, lidzafiiranso. Adija ali ndi khanda, ndipo mwamuna wake ndi wa makina osokera, khasu salidziwa."

"Feteleza alipo. Anthu onse akulima choncho."

"Feteleza amadyetsa chimanga, sadyetsa dothi."

"Zimenezo mukauze alangizi anu. Chobzala chanu chipita nanu, ndatha ine."

Che Rashidi sanabwerere kunyumba. Anatsikira kumunda. Nsangu zinali zitavala masamba, minda yonse yozungulira ili mbee, ndipo mbuzi za m'mudzi zinadzazana pamthunzi zikutafuna nyemba zakugwa. Anakhala pamzere n'kumaziyang'ana. Anatola ndowe youma ya mbuzi, n'kuifikisa m'manja, ndipo m'kati mwake munatuluka njere ya nsangu, yathunthu. Zimenezi ankazidziwa kale, pakuti m'mphepete mwa munda munali timitengo titatu timene tinamera motero, popanda dzanja la munthu. Anaiyang'ana njereyo nthawi yaitali. Maganizo amene anamubwerera anamuchititsa manyazi, ndipo masiku awiri otsatirawo ankaswali kumzikiti osakweza maso.

Sadaka inachitika Lachinayi. Mashehe atawerenga, anthu atadya mpunga n'kubalalika, abale anatsala pabwalo. Kuchokera ku Chikala kunabwera Zakaria, mng'ono wa Che Rashidi, kudzalandira mkulu wake. Katundu anatulutsidwa n'kuikidwa pamkeka: sutikesi, wailesi, makasu awiri, chikwanje, njinga itatsamira pakhoma. A Asiyatu anafunsa ngati pali china chotsala.

"Chilipo, amayi," anatero Maulidi. "Chili kumunda."

Onse anatsetsereka pamzere, a Asiyatu patsogolo ndi ndodo yawo, Adija pambuyo ndi mwana kumsana. Amuna awiri anali atafika kale, atakhala pamthunzi wa nsangu yaikulu, nkhwangwa zili pamiyendo.

"Alamu, zanu zina ndi izi," anatero Maulidi. "Anthu ndabweretsa, akuthandizani kugwetsa. Nkhuni mugulitse kapena mutenge, zili kwa inu. Sitikukulandani kanthu."

Che Rashidi anapukusa mutu.

"Mitengo iyi si yanga."

Mmodzi wa amuna a nkhwangwa, amene anali atayamba kudzuka, anakhalanso pansi.

"Sindinabzale ngakhale umodzi. Mukukumbuka mbuzi zija anagula malemu kudera la Chilwa? Zinabwera ndi njere m'mimba. Mitengoyi inamera m'ndowe."

Maulidi anamuyang'ana mlamu wake ngati sakumudziwa. Kenako anapita pa mtengo woyamba wa mzere uja, n'kuyamba kuyenda akuwerenga mokweza. Pa khumi anagunda mtengo wachiwiri. Anawerenganso, pa khumi anagunda wachitatu. Anapitiriza mpaka wachisanu ndi chiwiri, anthu onse akumutsatira ndi maso, ndipo palibe pamene panaphonya.

"Mbuzi za ku Chilwa zimadziwa masamu," anatero ali kumapeto kwa mzere. Ena anaseka.

Kunama kunali ntchito yachilendo kwa Che Rashidi, ndipo mawu ankatuluka olemera.

"Nthawi ya dzinja tinkazimangirira. Zikhomo ndinakhoma ndine, pamzere, mukudziwa dzanja langa la kuphiri. Pamene mbuzi inkaswera, m'pamene panamera mtengo."

"Nanga zija ananena alangizi pamaso pa anthu?"

"Ananena okha. Ine ndinangovomera, kutamandidwa kumakoma."

Maulidi anatembenukira kwa mdzukulu wake. "Iwe Adija, unakulira m'munda muno. Bambo ako anabzala mitengoyi kapena sanabzale?"

Apa ndi pamene Che Rashidi anaopa kwambiri. Mwana wakeyu ankanyadira chitini chija moyo wake wonse, ankauza aliyense wa m'nyumba kuti mtengo wachitatu ndi wake chifukwa anausenza yekha. Bamboyo sanathe kumuyang'ana. Anangomva khanda likulira pang'ono, mayi wake akuligwedeza, ndi mbuzi ikutafuna nyemba chapafupi.

"Ndinali mwana, amalume," anatero Adija. "Sindikukumbuka."

A Asiyatu anasendera pafupi, n'kuzika ndodo yawo m'dothi, ndipo inalowa mosavuta mpaka anadabwa okha. Mayi ameneyu anadya chimanga cha m'munda umenewu zaka zambiri, ndipo zitini za kuseri kwa bafa ayenera kuti anaziona ndi maso awo. Koma sakanamugonjetsa mwini mbumba ndi chifundo chokha, pankafunika yankho loti anthu akalimva akhute.

"Akamwini, pali chimodzi chimene sindikumvetsa. Mlimi aliyense chitsamba chikamera m'munda amazula. Ngati mitengoyi inamera yokha, inu munaisiyiranji mpaka kukula chonchi?"

Che Rashidi anaona kumene funsolo linkapita. Akanena kuti anaisiya dala, kuisamala ndi kuitengulira, ndiye kuti ndi yake ndithu, ndipo nkhwangwa zidzuka. Yankho lotsala linali limodzi. Anayang'ana manja ake, zikhatho zolimba ngati chikopa, zipsera za minga mpaka m'zigongono.

"Ulesi, amayi."

"Sindinamve. Makutu anakalamba."

"Unali ulesi. Minga yake imabaya, ndiye ndinkangoilambalala."

Wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Mayi wina anati iye ankadziwa kale, kungoti anthu ankamuopa malemu. Zakaria anagwetsa nkhope pansi, manyazi a mkulu wake atamugwera iye. Che Rashidi anaima chilili, ndipo mumtima ankalira.

"Alumbire," anatero Maulidi. "Aitanidwe shehe, alumbire."

Kunama pamaso pa anthu Che Rashidi anali atakwanitsa, koma kulumbira m'dzina la Mulungu sakanatha, ndipo ankadziwa kuti shehe akafika anena zoona.

"Maulidi," anatero a Asiyatu, "munthu wavomera yekha pamaso pa apongozi ake ndi mng'ono wake kuti ndi waulesi. Unamvapo mwamuna akudzinamizira zimenezo? Ukufuna alumbirenso chiyani?"

Maulidi anayang'ana mzere wa mitengo uja, anayang'ana mlamu wake. Sanali wopusa. Kenako anatembenukira kwa mlendo.

"Che Zakaria, mwamva ndi makutu anu? Mkulu wanu alibe mtengo kuno. Mukauze alongo anu ndi ana awo."

"Ndamva," anatero Zakaria motsitsa.

"Ndiye zatha," anatero a Asiyatu. "Chomera chokha ndi cha nthaka, nthaka ndi ya Adija. Akadzafuna kudula adzadula yekha. Nkhwangwa zibwerere kumene zachokera."

Nkhani yotere siyenda pansi. Isanakwane nthawi yoswali madzulo, inali itafika pamjigo, pachigayo, mpaka kumsika wa Songani. Anthu amene kwa zaka makumi awiri ankamupeza m'munda dzuwa lisanatuluke anakumbukira mwadzidzidzi kuti ankamuona atakhala pamthunzi. Ena anati n'chifukwa chake sankasosa n'kuwotcha ngati anzake, kuwojeka kuja kunali kuthawa ntchito. Amene ankabwera ndi lichero anati chimanga chija anali madalitso a Nasima. Mtima wa munthu ndi wotero, umakonda kumva kuti amene ankakuposa sanali kanthu.

M'mawa mwake Adija anamupeza bambo ake akumanga sutikesi panjinga. Maso ake anali otupa.

"Ababa, mwandinamitsa pamaso pa anthu. Ndipo mwamva zimene akukunenani?"

"Ndamva."

"Ndipita kwa amalume ndikanene zoona. Sindingapirire kuti muchoke ndi dzina limeneli."

"Ukanena, mawa adula." Anakoka chingwe n'kumanga mfundo. "Tamvera. Mvula ikayamba masamba agwa, usawasese. Mapesi uziwojeka, moto usalowe. Nandolo ukakolola, mizu uzisiya pansi. Mwamuna wako umuphunzitse pang'onopang'ono, usamunyoze."

"Nanga inu?"

"Kuli alongo anga. Kamunda sikangasowe."

Anamuperekeza mpaka pamsewu waukulu, pamene mng'ono wake ankayenera kumulandira mwamwambo. Pamalo ngati amenewa mwini mbumba amanena zabwino za mkamwini, kuti anatilimira, anatimangira, anatisungira mlongo wathu, kuti abale ake akanyadire kwawo. Maulidi anaima patsogolo pa onse, anakonza kofia, n'kulankhula moyang'ana Zakaria.

"Munthu wanu ndi uyu, tabweza. Mlongo wathu anakhala naye mwamtendere. Anabwera ndi khasu, akupita ndi khasu. Kwathu sanasiye kanthu."

Zakaria anatembenukira kwa mkulu wake, akudikira kuti mwina atsutsa, ngakhale ndi liwu limodzi. Adija anaphimba nkhope ndi chitenje. Che Rashidi anagwira zogwirira za njinga ndi manja onse awiri.

"Ndi zoona," anatero. "Sindinasiye kanthu."